Malaya Amene Ndinakana Kuvula

Lachinayi, 15 Okutobala 1992

Bisimila. Ine ndine Binali Suwedi. Kwathu ndi kwa Kawinga ku Machinga, koma ndakalambira kuno ku Joni, ku Bertrams, kumene ndimasoka zovala kuseri kwa sitolo ya Mpwitikizi. Dzanja likulembali si langa. Akundilembera ndi a Elia, Mngoni wa ku Ntcheu wa bedi yoyandikana ndi yanga, amene shuga wawadya zala za kuphazi. Anali mabalani ku mgodi, ndiye pensulo ndi khasu lawo. Ine sukulu ndinangoinunkhiza. Ndawauza kuti akamaliza tsamba azindiwerengera, ndipo asathiremo mchere wawo.

Ndinabwera Lachiwiri ndikusanza. Chakudya chikalowa chimangokhala pamimba ngati mwala, madzulo n'kubwerera chonse. Andiika diripi kudzanja lamanzere, ndi kapaipi kolowera m'mphuno kofika m'chifu. Magazi akuti ndi ochepa. Kudya andiletsa.

Chimene ndikulembetsera ndi ichi. Mwana wanga Hajara ali m'wodi muno. Sakudwala ayi. Akuphunzira udokotala, chaka chomaliza, ndipo amayenda ndi jekete yoyera pakati pa ana a Azungu ndi Amwenye, mutu uli chilili. Mwana wa telala. Pano, kupatula a Elia, palibe akudziwa kuti ndi wanga, chifukwa kwathu mwana amatenga dzina la bambo wake. Iye ndi Hajara Binali, ine pa khadi ndine Suwedi. Zikandivuta, asadzapezeke munthu ku Bertrams kapena ku Machinga wonena kuti mwanayu anataya bambo wake. Zonse ndikuzifuna ndine.

Lachisanu, 16 Okutobala

Ophunzira amagawana mabedi. Wamkulu wawo wa tsiku ndi tsiku ndi Dokotala Mokoena, Msutu wamtali amene nayenso akuphunzirabe za opaleshoni. Atamva kuti Chizulu changa ndi cha kumsika, anafunsa ngati alipo wodziwa chinenero cha ku Malawi. Anzake onse analoza Hajara. Basi, bedi yanga inagwera iye.

Masana wabwera ndi lamba wopimira kuthamanga kwa magazi. Mokweza anati, "Muli bwanji, Mista Suwedi?" Kenako anawerama ngati akumanga lambayo.

"Baba, ndikawauze."

"Ukawauze chiyani?"

"Kuti ndinu bambo anga. Salola munthu kuphunzirira pa m'bale wake. Angondichotsa wodi ino."

"Akakuchotsa upita kuti?"

"Magulu ena ndi odzaza. Gawo lino ndidzabwereza chaka chamawa."

"A boma amene akukulipirira sukulu adzalipiranso chaka chobwerezacho?"

Anangopopa lamba mpaka mkono unachita dzanzi. Yankho ndinkalidziwa. Pepala la basale tinasainira limodzi, ine ndi chala. Wobwereza samulipirira.

Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Mayeso ake ali mwezi wamawa. Mimba yanga yadikira miyezi, ikhoza kudikirabe.

Atachoka a Elia anati, "Che Binali, inu Achawa kubisa zinthu ngati mphaka." Ndati Angoni akadadziwa kubisa pakamwa pakadutsa chipanda cha mowa, bwenzi phazi lili lonse. Aseka mpaka asisitala atiyang'ana. Alumbira kuti sauza munthu.

Lamulungu, 18 Okutobala

Amake Hajara, a Habiba, abwera ndi phala la mpunga la mkaka. Asisitala akana. Adya a Elia, ndipo ati akazi a ku Machinga akadakhala madokotala bwenzi wodi ili mbee.

Andiika botolo la magazi. Nthawi ya mapemphero ndimaswali chogona, ndi maso okha.

Pa bedi ya pazenera pali mkulu wa Chizulu, a Mthethwa. Khungu lawo lachita chikasu, maso omwe. Akuti akudikira fiyeta, kochitira opaleshoni, kuyambira mwezi watha. Sadandaula. Amangoyang'ana chitseko.

Lolemba, 19 Okutobala

Lero kunabwera pulofesa, Mzungu wa imvi, wolankhula motsitsa. Kumbuyo kwake Dokotala Mokoena, asisitala, ndi ophunzira onse ngati anapiye. Ndinaona zimene anachita kwa a Mthethwa asanakoke katani bwinobwino. Anawavula kuyambira pachifuwa mpaka m'ntchafu. Pulofesa akagwira, amaitana wophunzira aliyense amene wamuloza kuti agwirenso pomwepo.

Atafika pa ine, Hajara anaima kumiyendo kwa bedi ndi mapepala, n'kufotokoza matenda anga m'Chingerezi, osakhumudwa ngakhale pamodzi. Mtima wanga unadzaza. Ndinafuna kudzuka ndiwauze onsewo kuti mukumumva uyu, ndinamubereka ndine.

Kenako Dokotala Mokoena anagwira bulangete nati, "Khumula, baba," kutanthauza kuti ndivule.

Ndinagwira bulangetelo ndi manja awiri. Ndinati aikona, sindivula.

Kwathu mwana wamkazi akatha msinkhu saona mchombo wa bambo wake. Kuchipinda kwanga Hajara salowa. Chikulireni sanandionepo ndilibe malaya, ngakhale m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri ija, ngakhale kutenthe bwanji. Lero ndigone chagada ngati mbuzi yosenda, iye ataima pomwepo, mwinanso amuitane adzagwire? Ndipo chifukwa chake sindikanatha kunena, poti kunena n'kumuulula.

Anandifunsa kawiri. Pulofesa anayang'ana wotchi, nalankhula mawu ochepa, n'kupita pa bedi ina. Hajara sanandiyang'ane.

Lachiwiri, 20 Okutobala

Dokotala Mokoena wabwera yekha, maso ali psuu chifukwa chosagona. Anakhala pa bedi panga, chimene madokotala sachita. Ankalankhula Chizulu chosakaniza ndi Chingerezi, a Elia n'kumandithandiza pamene ndasochera.

"Madala, dzulo mwataya sabata yathunthu. Mukudziwa?"

Ndati pulofesa abwerenso mawa.

"Kale zinali choncho. Ankabwera masiku atatu pa sabata. Koma boma likukana kukweza malipiro a madokotala akuluakulu, ndiye ambiri athawira ku zipatala zolipira, ena kunja. Pofuna kuti otsalawa asathawe, lawalola kuti aziona odwala a medikolo eidi m'chipatala momwe muno, ku wodi ya pamwamba, n'kumalandira zawo. Ife kuno atisiyira Lolemba lokha. Opaleshoni yaikulu ngati yanu sindingailembe ine popanda dzanja lake pamimba panu. Ndipo dzanja lake silibwera lokha, limabwera ndi ophunzira, chifukwa nthawi yowaphunzitsa ndi yomweyo basi."

Ndafunsa kuti medikolo eidi amagula kuti. Waseka pang'ono. Wati imeneyo ndi ya anthu olembedwa ntchito m'boma ndi m'makampani, amawadula pamwezi, akadwala n'kumawalipirira. Telala wodzilemba yekha alibe.

Wati ngakhale iyeyo maphunziro ake akuchedwa. Opaleshoni zimene amayenera kuchita pulofesa ataima pambali sizikuchitika.

"Ndiye n'chifukwa chiyani mukukana? Ndi za chipembedzo?"

Ndangoti ndi za kwathu.

Atapita a Elia anati, "Achimwene, a pamwambawo amalipira ndi khadi. Ife pansi pano timalipira ndi thupi. Inu mwabwera kusitolo n'kukana kutulutsa chikwama."

Lachinayi, 22 Okutobala

Anandimwetsa phala loyera ngati laimu n'kundijambula ekisire, akunditembenuza uku ndi uku. Phalalo silinadutse. Analikoka ndi kapaipi ka m'mphuno.

Mnzake wa Hajara, mnyamata wa Chimwenye dzina lake Cassim, anabwera yekha nandipatsa salamu. Anakoka katani, ine ndinavula osavuta. Anagwira pamimba nati pali chouma pamwamba pa mchombo. Ndinaganiza kuti zatha, akauza pulofesa. Wati ayi, dzanja la wophunzira silitsegula chitseko cha fiyeta. Ndikuganiza kuti anamutuma ndi Hajara. Kaya anamuuza chiyani.

Lachisanu, 23 Okutobala

Paipi yaikulu yokhala ndi nyali kumapeto, kudzera pakamwa. Anatsina kanyama kukapima. Pakhosi pakuwawa. A Elia alembe zomwezi.

Loweruka, 24 Okutobala

A Mthethwa anawakokera makatani m'mawa, nthawi ya tiyi. Anali atalembedwa fiyeta Lachinayi lapitali, koma dokotala wogoneka anthu anamuitanira pamwamba, ndiye anawabweza ali kale pa kangolo. Masana matiresi anali atapindidwa. Madzulo pagona munthu wina.

Akazi awo anafika nthawi ya alendo ndi malalanje m'pepala. Palibe anali atawauza kuti amuna awo amwalira.

Lamulungu, 25 Okutobala

Hajara anatumiza mawu kudzera mwa amake. Mawa sabwera, anena kuti wadwala. Ndiye ndivule, pulofesa agwire, zithe. Mwana wanzeru. Mtima wanga wakhala pansi. Ndapempha asisitala madzi ofunda ndisambe bwino.

Lolemba, 26 Okutobala

Pulofesa sanabwere.

Tinadikira kuyambira m'mawa, mabedi atayalidwa, aliyense atapesa. Cha m'ma leveni asisitala anati ali ku fiyeta ndi wodwala wa pamwamba, wadzidzidzi. Dokotala Mokoena anazungulira yekha ndi ophunzira, mofulumira. Ine ndinali nditamasula kale zingwe za malaya.

Anafunsa kuti wophunzira wa bedi yanga ali kuti. Cassim anati wadwala. Dokotala anati amene ajombe Lolemba linanso sadzamusainira, chifukwa masiku a pulofesa ndi ochepa kale ndipo mayeso ayandikira.

Mpeni umene tinanola wadula ife tomwe.

Lachitatu, 28 Okutobala

Mitsempha ya kumanzere yatha. Diripi aisamutsira kumanja. Zotuluka m'kapaipi zasintha mtundu, zada ngati masamba a tiyi otsala m'kapu. Botolo lina la magazi.

Popita kuchimbudzi miyendo inakana. Anandigwira ndi a Elia, munthu wa phazi limodzi ndi theka. Ati tikanagwa tonse asisitala akanavutika kudziwa miyendo ya Mchawa ndi ya Mngoni.

Zotsatira za kanyama kaja zabwera. Dokotala Mokoena wati ndi chotupa choipa, chatseka potulukira chakudya. Chikachotsedwa msanga munthu amakhala. Mawu akuti msanga anawanena kawiri.

Lachisanu, 30 Okutobala

Tsiku la Ijumaa. Anzanga a ku mzikiti anabwera kudzandichitira duwa, pemphero lathu. Atapita, Hajara anabwera ndi mbale ya majekiseni, nakoka katani. Nkhope yake yatha, ngati wodwala ndi iye.

"Baba, zotsatira ndaziwerenga."

"Ndamva kale."

"Simunamve. Lolemba m'mawa, pulofesa asanayambe, ndimuuza."

"Ukatero si ndiwe mwana wanga."

"Chabwino. Ndikhale wa eni, inu muli moyo."

"Zaka zonsezi amako akuchapa zovala za Azungu, ine maso kuthera pa singano, uzitaye chifukwa cha mwezi umodzi?"

"Nanga ndidzalandire pepalalo inu muli kumanda? Ndidzalipachike pati?"

Sanayambe wandiyankhapo chotero chibadwire. Ndinamuuza kuti sukulu yamuchotsa ulemu. Iye anati, "Ulemu ndili nawo, Baba. Nthawi ndi imene ndilibe. Kujomba sindingathenso. Ndiye sankhani nokha. Lolemba muvula ine ndili pomwepo, kapena ndinena. Njira yachitatu palibe."

Anandibaya jekiseni osandipweteka n'komwe, natuluka.

A Elia anatembenukira kwa ine. Kenako anati, "Che Binali, manyazi anapha lambe." Ndati alembe zanga, miyambi yawo asunge. Ndikuona alemba ndithu.

Loweruka, 31 Okutobala

Tulo tochepa. Ndikaganiza zovula, thupi limazizira. Ndikaganiza zoti abwerere ku Bertrams opanda pepala, akazi a pampopi akumuloza, limazizira koposa.

Lamulungu, 1 Novembala

Amake Hajara anakhala pampando akundisisita mapazi otupawa. Pochoka anati, "Bambo ake Hajara, mwana uja matewera munkamusintha ndinu ine ndili ku ntchito. Mulungu sanakukanthe."

Ndati zimenezo ndi zina.

"Ndi zina, inde. Koma ine umasiye sindikuufuna chifukwa cha mchombo."

Lolemba, 2 Novembala

Ndilankhula pang'onopang'ono, a Elia adikire.

Pulofesa anabwera. Ali pa bedi yachiwiri kuchokera pa ine, ndinaona Hajara akuchoka pakati pa anzake, akusendera kwa iye, milomo itatseguka kale. Ndinakweza dzanja la diripi n'kuitana, "Dokotela!" Onse anacheuka. Ndinayamba kumasula zingwe za malaya ndekha.

Atafika, ndinatenga thaulo langa pa kabati n'kudziphimba kumaso. Mumtima ndinati, Ambuye Mulungu mukuona, ine sindikuona. Amene aime apa ndi madokotala okhaokha.

Anatsitsa bulangete. Mphepo inandidutsa pamene sipanadutsepo mphepo pamaso pa anthu. Dzanja loyamba linali lalikulu, louma, la pulofesa. Linayenda mofulumira, likudziwa kumene likupita. Kenako ndinamva akuti, "Misi Binali."

Panapita kanthawi. Ndinamva madzi akutuluka pa mpopi. Kenako manja anafika, atatenthetsedwa. Palibe dokotala wina amene anayamba wanditenthetsera manja.

Mokweza anati, "Pepani, Mista Suwedi, pumani kwambiri." Ndinapuma. Anayambira kumunsi kumanja, akukwera pang'onopang'ono. Pansi pa nthiti anaima, nati ndipumenso. Anakanikiza, ndipo ndinamva ndekha chinthu chouma chikugunda zala zake. Anapita pa mchombo. Anagogoda m'mbali ngati munthu wosankha chivwende. Ndinaluma thaulo, osati chifukwa cha ululu.

Ndinkayesa wamaliza. Koma anati ndikhale tsonga, nazungulira kumbuyo kwanga, zala zake n'kuyenda m'khosi. Kumanja anadutsa. Kumanzere, m'kadzenje ka pamwamba pa fupa, zala zinaima. Zinachoka, zinabwereranso pomwepo. Pali kamwanabere kouma ngati mtedza, kosawawa. Ine mwini sindinkakadziwa.

Zala zija zinakhala pamenepo nthawi yaitali. Sizinanjenjemere. A Elia alembe bwino pamenepo, sizinanjenjemere.

Pulofesa anafunsa funso. Hajara anayankha m'Chingerezi, mawu ali phee, ngati akuwerenga. Pulofesa anagwira pomwepo, naitana ena onse agwire, mmodzimmodzi. Ndinawalola. Kenako analankhula ndi Dokotala Mokoena motsitsa, nanenanso mawu ena mokweza, ophunzira n'kung'ung'udza ngati akuvomereza.

Amene anandifunditsa bulangete ndi Hajara. Anandimanga zingwe za malaya kumbuyo, mfundo yake ija ya kunyumba. Thaulo ndinachotsa atapita onse. Ndinamuona ali pa sinki ya pakhomo, atatifulatira, akusamba m'manja. Anzake anali atafika kale ku bedi yomaliza, iye akusambabe.

Lachiwiri, 3 Novembala

Ndalembedwa. Fiyeta Lachinayi m'mawa, ngati dokotala wogoneka anthu sakaitanidwa pamwamba.

Dokotala Mokoena wabwera ndi pepala, ndadinda chala. Poyamba ankati adzachotsa chotupa. Lero akuti angopanga njira ina yoti chakudya chizidutsa, ndizitha kumwa phala kunyumba. Wati opaleshoni yake ndi yaifupi, akhoza kuichita yekha, pulofesa safunikanso. Sindinafunse chifukwa. Kamwanabere kaja kandiuza kale kuti matenda afika patali. Iyenso sanakhale pa bedi.

Hajara sanabwere kwa ine lero. Anadutsa kawiri ndi mapepala. Cassim ndi amene anandipima.

Lachitatu, 4 Novembala

Amake Hajara ndawauza kuti makina osokera asagulitse kwa Mpwitikizi, adzawabera. Ndawauzanso za nsalu yoyera ya sanda ili pansi m'sutikesi, kuti aichape ikhale. Anandikalipira, koma anamva.

Ndawauza kuti mwana asagone kuno mawa, akawerenge. Mayeso ayamba Lolemba.

Madzulo ano ndafunsa a Elia, poti Chingerezi amachimva ndipo katani ndi nsalu chabe, kuti Hajara anayankha chiyani zala zake zili pakhosi panga. Ati sanamve, kunkadutsa kangolo ka mankhwala. Ine ndinali wophimba maso, osati makutu. Kangolo sikanadutse.

Ndawafunsanso za mawu omaliza a pulofesa, amene ananena mokweza aja. Amenewo ati anawamva bwino. Anati mtsikana uyu wapeza chimene tonse tinachidumpha, ali ndi manja a dokotala.

Ndawauza alembe amenewo ndi zilembo zazikulu, pamzere pawokha. Enawo asiye.

ALI NDI MANJA A DOKOTALA.